Charles Dickens, mwana wa mkaidi amene anatipatsa Scrooge

Charles Dickens anabadwa pa 7 February 1812 ku Portsmouth, m'dziko la England. Bambo ake anali kalaliki, koma ndalama sizinkakhalitsa m'manja mwawo. Mu 1824 anatsekeredwa m'ndende ya Marshalsea chifukwa cha ngongole. Charles, ali ndi zaka 12, anasiya sukulu n'kuyamba ntchito yomata mapepala pa timabotolo ta polishi ku London, maola 10 patsiku. Kuno kwa Maganga ana otere timawadziwa: amasiya makope n'kumakakoka khoka kunyanja chifukwa kunyumba ufa watha.

Atakula anakhala mtolankhani, kenako mlembi wotchuka wa mabuku, koma bala la ubwana silinapole. Mu 1843 anawerenga lipoti la boma lonena za ana ogwira ntchito zakalavulagaga, ndipo mtima unamuwawa. M'masabata 6 okha analemba A Christmas Carol, nthano ya Ebenezer Scrooge, nkhalamba youmira imene inkazunza kalaliki wake mpaka usiku umene inaonetsedwa zakale zake, zalero ndi manda ake. Bukuli linatuluka pa 19 December, ndipo makope 6,000 anatha Khirisimasi isanafike.

Dickens sanaoneko kanema, koma nthanoyi yaseweredwa m'mafilimu kuyambira 1901. Alastair Sim, mu 1951, anaonetsa Scrooge wamantha, wopwetekedwa kuyambira ali mnyamata, amene atalapa anavina ngati mwana. Albert Finney, mu 1970, anasewera nkhalambayo ali ndi zaka 34 zokha, m'filimu yodzaza nyimbo. George C. Scott, mu 1984, anatipatsa munthu wamalonda wodekha, wosadziona kulakwa, ndipo n'chifukwa chake amaopsa kwambiri. Michael Caine, mu 1992, anasewera pakati pa zidole za Muppets, koma nkhope yake ili gwa. Ambiri amati Sim ndiye anaposa onse, mwina chifukwa filimu yake imakhalitsa pa funso limene linkavutitsa Dickens: kodi mwana wosiyidwa yekha amakula n'kukhala munthu wotani?

Mwiniwakenso anali katswiri wa zisudzo. Kuyambira 1853 ankawerenga nthanoyi pamaso pa makamu, akusintha mawu ndi nkhope pa munthu aliyense wa m'nkhaniyo. Komabe chifundo chimene ankalemba sichinafike pena paliponse. Mu 1858 anapatukana ndi mkazi wake Catherine, amene anamuberekera ana 10, ndipo anamunyoza poyera.

Anawerenga nthanoyi komaliza mu March 1870, thupi litafooka kale. Anamwalira pa 9 June chaka chomwecho ali ndi zaka 58, ndipo anaikidwa ku Westminster Abbey. Patapita zaka 4, m'tchalitchi chomwecho munaikidwa David Livingstone, amene nayenso anayamba ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10.