Inkosi Gomani Wachiwiri

Philip Gomani anali kamwana pamene Angerezi anapha atate ake, Inkosi Gomani Woyamba, m'chaka cha 1896. Atakula analowa ufumu wa Angoni a ku Ntcheu, nakhala ku Lizulu. Koma masiku amenewo mphamvu zenizeni zinali m'manja mwa atsamunda.

M'chaka cha 1953 azungu anaumiriza dziko lino kulowa m'Chitaganya. Inkosiyo, ngakhale inali yodwala, inakana poyera, niuza anthu ake kuti aleke kumvera malamulo a boma a malimidwe. Boma linaichotsa paufumu. Apolisi atabwera kudzaigwira, inathawira ku Mozambique pamodzi ndi Mbusa Michael Scott, koma Apwitikizi anaibweza. Inamwalira m'chipatala cha Malamulo m'chaka cha 1954.