Joseph McCarthy: Munthu Amene Anatchuka ndi Bodza

Joseph McCarthy anabadwa m'chaka cha 1908 ku Wisconsin, m'dziko la Amereka, nalowa m'nyumba ya malamulo ya Senate mu 1947. Sanali wodziwika kufikira mu Febuluwale 1950, pamene analengeza ku Wheeling kuti anali ndi maina 205 a Akomyunizimu ogwira ntchito mu unduna woona za kunja. Posakhalitsa chiwerengerocho chinasanduka 57, kenaka 81. Umboni wogwirika sanautulutse.

Atolankhani, poyesa kuti udindo wawo unali kungolemba zimene wamkulu wanena, anasindikiza zonse. Bodza linkakhala pa tsamba loyamba; pamene kutsutsa kwake kunkatuluka, mwini wake anali atayambitsa kale lina. Anthu osalakwa anachotsedwa ntchito. Millard Tydings, amene komiti yake inapeza kuti zonenazo zinali chinyengo, anagonja pa chisankho chaka chomwecho, ndipo anzake anagwidwa mantha.

Mu Malichi 1954, Edward Murrow wa CBS anatsata njira ina: anaonetsa pa wailesi yakanema McCarthy akulankhula, kuti anthu adzionere okha ukali wake ndi kudzitsutsa kwake. Mu Disembala, Senate inamdzudzula ndi mavoti 67 kwa 22. Chimene chinamupweteka koposa, ndikuganiza, n'chakuti nyuzipepala zinaleka kulabadira zonena zake. Anamwalira mu 1957 ali ndi zaka 48, mowa utamfoola.