THOMAS WELCH, DOTOLO WA MANO, NDI CIKHO CA MGONERO

Mkristu wa pa Shimabala akayenda ulendo, napembedza m'machalichi a ku Kafue kapena a ku Lusaka, adzaona cinthu comdabwitsa pa tsiku la Mgonero wa Ambuye. Mkate aupeza ponse ponse, koma za m'cikho zisiyana. Kwina athiramo vinyo weniweni. Kwina athiramo madzi a mphesa otsekemera, amene saledzeretsa ngakhale mwana. Ambiri afuna kudziwa kumene kunayambira kusiyanaku, ndipo ena afulumira kuweruza anzao. Masiku otsiriza a mwezi wa Disembala atikumbutsa munthu amene mbiri yace iyankha funsolo, pakuti anabadwa pa 31 Disembala, namwalira pa 29 Disembala. Dzina lace ndiye Thomas Bramwell Welch.

Ubwana wace

Anabadwira ku Glastonbury, m'dziko la England, m'caka ca 1825. Mu 1834 atate wace anaoloka nyanja kunka ku America, ndipo mnyamatayo anakulira ku Watertown, m'cigawo ca New York. Pofika zaka 17 analowa mpingo wa Wesleyan Methodist, umene unayamba kuima pa wokha mu 1843. Anthu a mpingo umenewu anadana ndi zinthu ziwiri: kugula ndi kugulitsa anthu, ndiponso kufulula, kugulitsa ndi kumwa zoledzeretsa. Akali mnyamata, Thomas anathandiza akapolo othawa kwa ambuye ao kuti akafike ku Canada, kumene sakanagwidwanso. Makolo athu amene anaona magoli m'mbali mwa Zambezi ndi Luangwa akadamvetsa kukula kwace kwa nchito yotere.

Atatha maphunziro anakhala mbusa, nalalikira ku Pound Ridge ndi m'dera la Herkimer, nakwatira Lucy Hutt, amene anambalira ana asanu ndi awiri. Koma posakhalitsa mau ace anafooka, nalephera kuimirira pa gome kulalikira. Munthu wina akadakhala pansi ndi kudandaula. Iye anapita ku Syracuse kukaphunzira za mankhwala, naciritsa anthu ku Penn Yan. Ndipo mu 1856 anasamukira ku Winona, m'cigawo ca Minnesota, nakhala dotolo wa mano.

Vinyo pakati pa Ayuda

Kuti timvetse cimene cinabvuta mtima wa Welch, tiyenera kuyamba tabwerera kwa Ayuda, pakuti Mgonero unabadwira pa gome lao. Kwa iwo vinyo ndiye cizindikiro ca cimwemwe ndi ca mdalitso wa Mulungu. M'masiku a Kacisi ansembe anamthira pa guwa pamodzi ndi nsembe zopsereza. Kufikira lero, dzuwa likalowa tsiku Lacisanu, mwini nyumba wa Ciyuda anyamula cikho, nayamika Mulungu amene analenga cipatso ca mpesa, ndipo motero alowa m'Sabata. Sabata likatha, alitsazikanso ndi cikho. Pa ukwati mkwati ndi mkwatibwi amwera cikho cimodzi. Pa usiku wa Paskha, pokumbukira kuturuka kwa makolo ao m'Aigupto, munthu ali yense amwa zikho zinai, ndipo akuru ao akale analamula kuti ngakhale waumphawi wotheratu apatsidwe zikho zace zinaizo.

Koma Ayuda omwewo anadziwa kuopsa kwace. Masiku akale anasanganiza vinyo ndi madzi asanamwe. Cilamulo ca Mose cinaletsa wansembe kumwa polowa m'cihema kukatumikira, ndipo Mnaziri, wodzipatulira Mulungu, sanayenera kulawa kanthu kocokera ku mpesa. Yohane Mbatizi sanamwa konse. Ambuye Yesu anasandutsa madzi vinyo pa ukwati wa ku Kana. Onse awiri anali atumiki a Mulungu mmodzi.

Cikho cimene Ambuye anapatsa ophunzira ace usiku uja cinali ca phwando lotere. Anzace ambiri a Welch anaphunzitsa kuti munali madzi osaledzeretsa. Koma ku Palestine mphesa zipsa ca m'Ogasiti ndi Sepitembala, pamene Paskha afika m'Malichi kapena m'Epulo, ndipo madzi a mphesa sakhala miyezi isanu ndi umodzi osasanduka. Cifukwa cace ophunzira Malembo ambiri abvomerezana kuti anali vinyo wosanganiza ndi madzi. Timvanso kuti ku Korinto ena analedzera pa cakudya ca Ambuye, ndipo Paulo anawadzudzula. Cotero mipingo inathira vinyo m'cikho zaka zoposa 1,800.

Lamulo lobvuta kusunga

Pa nthawi imene Welch anali mwana, ucidakwa unaononga mabanja osawerengeka ku America, monga kacasu aonongera midzi ina kwathu kuno. Akristu ambiri analonjeza kusalawanso cakumwa caukali. Pamenepo panabuka funso lolemera. Munthu amene anamwa zaka zambiri, nalapa, naleka, afika pa gome la Ambuye. Fungo la m'cikho limkumbutsa ludzu lija anathawa. Akamwa aopa kugwa. Akakana aoneka ngati wonyoza Sakramento. Cifukwa ca anthu otere, mpingo wa Wesleyan Methodist unalemba m'malamulo ace kuti pa Mgonero pakhale madzi a mphesa osaledzeretsa okha.

Kulemba lamulo kunali kwapafupi. Kulisunga ndiko kunabvuta. Amai onse adziwa kuti thobwa lotsekemera lero, likagonera masiku mumtsuko, liyamba kucita thobvu ndi kusasa, ndipo posacedwa silikhalanso thobwa. Madzi a mphesa acita cimodzimodzi, ngakhale munthu asathiremo cimera kapena kanthu kena. Osamalira Mgonero anayesa njira zosiyana: ena anafinya mphesa zaziwisi pa nyengo yace, ena anabviika mphesa zouma m'madzi. Koma zakumwa zimenezi sizinakhalitsa, ndipo mipingo yambiri inangobwerera ku vinyo wogula.

Nchito ya ku Vineland

Mu 1865 Welch anasamukira ku Vineland, m'cigawo ca New Jersey. Mudzi umenewu unamangidwa ndi Charles Landis mu 1861. Munali minda yambiri ya mphesa, koma kugulitsa zoledzeretsa kunali koletsedwa. Kumeneko analowa mpingo wa Methodist Episcopal, ndipo anamuika kukhala wokonza mkate ndi cikho pa tsiku la Mgonero. Tsono funso lija linagwera m'manja mwace mweni mweni.

Zaka zomwezo munthu wanzeru wa ku France, dzina lace Louis Pasteur, anali ataonetsa kuti zimene zisandutsa madzi otsekemera kukhala zoledzeretsa ndizo tinthu tamoyo tating'ono, tosaoneka ndi maso, timene tidya kutsekemerako. Naonetsanso kuti kutentha kutipha. Pasteur anafuna kusunga vinyo kuti angaonongeke. Welch anaganiza kuti nzeru yomweyo ingathe kuletsa vinyoyo asanayambe n'komwe. M'caka ca 1869 anachola mphesa za mtundu wochedwa Concord, naziphika pang'ono m'khichini mwace, nasefa madzi ace ndi nsaru, nawathira m'mabotolo. Atatseka mabotolowo kolimba anawamiza m'madzi otentha pamoto, kuti tinthu tija tife, ndi kuti tina tisalowemo. Pamenepo banja linadikira. Madziwo akadayamba kusanduka, mpweya ukadaphulitsa mabotolo. Masabata anapita, ndipo potsegula anapeza madzi ali otsekemera monga tsiku lija anawafinya.

Kugwa mphwayi

Wina angayese kuti mipingo inamthamangira ndi kuyamika. Sikunatero ai. Akuru ambiri anaona cinthuci ngati mwambo wacilendo wosayenera pa gome loyera, ndipo ogula anali owerengeka. Patapita zaka zinai Welch anaona kuti nchitoyo ingomdyera ndalama ndi nthawi, naileka, nabwerera ku mano a anthu ndi kupanga zipangizo za madotolo a mano. Mwana wace Charles, amenenso anali dotolo wa mano, ndiye anaidzutsanso. Ndipo atate wace anamcenjeza kuti asataye nchito yomdyetsa cifukwa ca mabotolo a mphesa.

Koma mitima ya anthu inali kutembenuka pang'ono pang'ono. Mu 1880 msonkhano waukuru wa mpingo wa Methodist Episcopal unalamula kuti, pali ponse pamene kuli kotheka, pa Mgonero pakhale madzi a mphesa osaledzeretsa. Abaptist ndi mipingo ina yambiri ya ku America inatsata njira yomweyo. Mu 1893 Charles anaonetsa cakumwaco pa cionetsero cacikuru ca ku Chicago, ndipo anthu zikwi zambiri analawa; mu 1897 anasamutsira nchito ku Westfield, m'cigawo ca New York, kumene mphesa zicuruka. Cimene cinayambira pa gome la Ambuye cinalowa m'nyumba za anthu, ndipo dzina la Welch likali kulembedwa pa mabotolo kufikira lero. Kuyambira 1956 eni ace a nchitoyo ndiwo alimi a mphesa ogwirizana pamodzi.

Mu ukalamba wace Welch anakumbukiranso dziko la Africa, kwao kwa akapolo aja anawathandiza ali mnyamata. Iye ndi mwana wace anathandiza Bishopo William Taylor, amene anatsegula mamishoni ku Angola ndi ku Congo, posindikiza nkhani za nchito yace kuti Akristu a ku America apereke zopereka. Anamwalira pa 29 Disembala 1903, atatsala masiku awiri kukwanitsa zaka 78, naikidwa ku Vineland.

Kwathu kuno

Amishoni pobwera kuno, yense anadza ndi cikho ca kwao. Ansembe a Katolika, amene anakhazikika ku Chikuni mu 1905, asunga lamulo lakuti pa Misa pakhale vinyo weniweni wa mphesa, ndipo Aanglikani atsata mwambo wakale womwewo. A Seventh-day Adventist, amene anayamba ku Malamulo mu 1902 ndi ku Rusangu mu 1905, amwa madzi a mphesa osaledzeretsa okha. A Primitive Methodist a ku England, amene anafika ku Nkala pakati pa Aila mu 1893, natsegula sukulu ya aphunzitsi pa Kafue mu 1918 motsogozedwa ndi Mbusa John Fell, anali nthambi ina ya mtengo wa John Wesley, osati mpingo wa Welch. Koma iwonso anadziwika kwao monga adani a mowa. Nchito yao inalowa mu United Church of Zambia mu 1965. Ngakhale pakati pa Ayuda, aphunzitsi ambiri alola madzi a mphesa pa Sabata ndi pa Paskha kwa ana, kwa odwala, ndi kwa iye amene vinyo angamgwetse.

Tsono, abale, tisanyozane cifukwa ca za m'cikho. Iwo amene athira vinyo asunga cimene Ambuye anagwira m'manja mwace usiku uja, ndipo acita bwino. Iwo amene athira madzi otsekemera akumbukira cimene Paulo analangiza Aroma, kuti wolimba aleke ngakhale cololedwa ngati cikhumudwitsa mbale wace wofooka. Iwonso acita bwino. Welch sanali mphunzitsi wamkuru wa Malembo, ndipo anzace analakwa pa nkhani ya cikho ca Paskha. Koma anaona munthu mmodzi amene ena sanamuona, ndiye uja woima kumbuyo kwa chalichi, woopa kuyandikira.

Munthu ameneyo alipo m'mipingo yathu lomwe lino. Mwina ndiye analeka kacasu caka catha, ndipo anzace akale akali kumuitana pa njira. Akuru a mpingo amdziwe, amcezere Mgonero usanafike, nafunse abusa njira imene malamulo a mpingo wao alola, kuti iyenso akhale pa gome pamodzi ndi ife wopanda mantha.