Stanley Adshead, Mmisiri wa Kennington Amene Analemba Pulani ya Lusaka

Ambiri amene ayenda mu Independence Avenue sadziwa dzina la Stanley Adshead, koma mkuluyu ndiye anayamba kuika mzinda wathu papepala. Anabadwira ku Bowdon, ku England, m'caka ca 1868, ndipo anayamba kuchuka cifukwa ca luso lojambula zithunzi za nyumba zisanamangidwe. Pambuyo pake anaphunzitsa za kamangidwe ka mizinda ku Liverpool, ndipo mu 1914 anakhala pulofesa ku London.

Nchito imene akumbukiridwa nayo kwao iri ku Kennington, dera la kum'mwera kwa mtsinje wa Thames. Malowo anali a Duchy of Cornwall, cuma ca mwana wa mfumu wolowa ufumu, koma nyumba za alendi zinali zitatheratu. A Adshead ndi mnzao Stanley Ramsey anapatsidwa nchito yomanganso. Sanafune kuunjika anthu m'zinyumba zitalizitali. Anamanga tinyumba togundizana ta njerwa zacikasu, ta nsanjika ziwiri, tokhala ndi kakhonde kamatabwa pakhomo, m'kamangidwe ka zaka zana zapambuyo. Courtenay Square, imene inatha ca m'ma 1914, iri ndi bwalo la mitengo pakati, ndipo Woodstock Court inamangidwira nkhalamba. Nyumbazi zikalipo, lamulo lizicinjiriza, ndipo palibe angagwetse olo khonde popanda cilolezo. Apa m'pofunika kukumbukira kuti okhalamo oyamba sanali olemera.

Boma la atsamunda litafuna kucotsa likulu ku Livingstone, linaitana a Adshead kuti adzaone malo. Lipoti lao la 1931 linasankha mtunda wa kum'mawa kwa njanji, pafupi ndi kasiteshoni ka Lusaka, ndipo anajambula mzinda wa miseu yotakata, mitengo ndi mayadi aakulu. Injiniya wa boma P. J. Bowling anasintha zina m'pulaniyo, ndipo likulu linasamuka mu 1935. Ridgeway ya lero inacokera pamenepo.

Cimene cidabwitsa n'cakuti munthu amene anaganizira bwino anchito osauka a ku London sanawaganizire motero anchito akuda a kuno. Pulani yake inali ya mzinda wa azungu. Wakuda anaonedwa monga mlendo wodzagwira nchito, wobwerera kumudzi ikatha. Ena anganene kuti anangotsata zimene boma linamuuza, ndipo mwina n'zoona, koma cotulukapo cake ticiona tonse: kumayadi uku, makomboni uko. Anthu amene anamanga maofesi a boma anagona m'tinyumba tozungulira ta udzu, ta cipinda cimodzi, monga tija tinatsalako ku Kabwata Cultural Village titapulumuka pamene tinzake tinagwetsedwa m'ma 1970.

A Adshead anasiya uphunzitsi mu 1935, caka comwe Lusaka inakhala likulu, ndipo anamwalira ku Hampshire mu 1946.