Alick Nkhata, Liu Lokoma la M'kasupani

Acikulire a kwa Mpezeni, ku Katete ndi ku Cadiza akumbukira masiku amene Cipata inali kuchedwa Fort Jameson, pamene mudzi wonse unkasonkhana madzulo pakhomo pa munthu mmodzi amene anali ndi wailesi. Wailesiyo inafika m'dziko muno mu 1949. Inali yobulungira ngati supani yophikira ndiwo, ndipo mtengo wake unali mapaundi 5. Mwa mau onse amene ankaturuka m'kasupani kameneko, amene anthu ankawadikira koposa anali a malemu Alick Nkhata.

A Nkhata anabadwira ku Kasama mu 1922. Atate ao anali ocokera ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi, ndipo amai ao anali aciBemba. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anapita ku usilikali nakafika mpaka ku Burma. Atabwerako anagwira nchito ndi mzungu wina dzina lake Hugh Tracey, amene ankayendayenda m'midzi ndi makina ojambulira nyimbo za makolo. Kumeneko khutu la a Nkhata linazolowera nyimbo za pamtondo, za pamaliro ndi za pamowa, za mitundu yosiyanasiyana.

Pambuyo pake analowa nchito pa nyumba ya wailesi ya Central African Broadcasting Station mu Lusaka, imene inkamveka ku Northern Rhodesia, ku Southern Rhodesia ndi ku Nyasaland. Apa mpamene luso lao linaonekera poyera. Ankatenga nyimbo ya kumudzi, naikonza kuti iyende ndi gitala, anzao atatu nkumavomereza ndi mau olukana bwino. Liu lao linali lofewa, losakuwa, ndipo mau a nyimbo ankamveka limodzi limodzi, mwakuti nkhalamba yosadziwa gitala inkazindikirabe nyimbo yake. Ankaimba m'ciBemba, m'ciNyanja ndi m'zinenero zina, ndipo zambiri zinkanena za moyo wa m'tauni, za cikondi, ndi za anthu oiwala kwao. Wa ku Fort Jameson amene mwana wake anali ku migodi sankafunika womumasulira. Gulu lao linakula nkukhala Lusaka Radio Band, imene pambuyo pake inachedwa Big Gold Six.

Nchitoyi inali ndi minga yake. Wailesi inali ya boma la atsamunda, ndipo pa nthawi imene Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinali kukhazikitsidwa mu 1953, anthu anataya cikhulupiriro pa zonse zocokera ku Boma. Mphekesera zinafala zakuti anthu akuda olankhula pa wailesi anali ogwirizana ndi anthu oyamwa magazi. Linali bodza, koma bodza loti likanaphetsa munthu. A Nkhata sanasiye kuimba, ndipo pa nyengo yomenyera ufulu anapereka liu lao ku cipani ca UNIP. Dziko litalandira ufulu mu 1964 anakhala pa maudindo akulu a za wailesi ndi za miyambo, kufikira mu 1974 pamene anapuma nchito napita kukalima ku Mkushi.

Nkhondo imene anapulumuka ku Burma inawapeza pa munda pao. Pafupi ndi famu yao panali msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe a gulu la a Joshua Nkomo. Pa 19 October 1978 asilikali a Ian Smith analowa m'Zambia ndi ndeke, naphulitsa msasa wa ku Chikumbi pafupi ndi Lusaka ndiponso wa ku Mkushi. Anthu ambiri anafa tsiku limenelo, ndipo a Nkhata anali mmodzi wa iwo, ali ndi zaka 56.

Mu 1991 zina mwa nyimbo zao zinasonkhanitsidwa ku London pa cimbale cochedwa Shalapo. Mu Lusaka, mseu umene uli ndi nyumba ya wailesi ya dziko lino ukuchedwa Alick Nkhata Road.