Dr. Barbara McClintock: Mayi Amene Chimanga Chidawaululira Chinsinsi cha Chibadwa

Awerengi a tsamba lino amachidziwa bwino chimanga. Koma ndi owerengeka amene adamva kuti chinsinsi china chachikulu cha chibadwa cha munthu chidaululika m'munda wa chimanga. Amene adachitulukira ndiwo Dr. Barbara McClintock a ku America.

Mayiwa adabadwa mu 1902 mumzinda wa Hartford, ndipo mu 1927 adalandira digiri ya udokotala pa maphunziro a zomera ku sukulu ya ukachenjede ya Cornell. Adaphunzitsako ku Missouri, koma poona kuti kumeneko munthu wamkazi sakwezedwa pa ntchito, mu 1941 adasamukira ku Cold Spring Harbor, kumene adakhala kufikira imfa yawo.

Tiyenera kudziwa kuti m'maselo a chamoyo chilichonse muli timaulusi totchedwa makromozomu, ndipo m'menemo ndimo mukhala malangizo a chibadwa. Akatswiri a masiku amenewo ankakhulupirira kuti malangizowo ali chikhalire pamalo pake monga mizati ya nyumba. Dr. McClintock ankadzibzalira chimanga, nathira okha mungu pa ndevu zake, ndipo adachita chidwi ndi njere imodzi yokhala ndi mawanga. Atafufuza zaka zingapo adapeza kachidutswa ka kromozomu kamene kamachoka pamalo pake n'kukakhala pena, nakatcha Ds. Kakagwera pa malangizo a mtundu wa njere, mtunduwo umazima. Kakachokapo, umabwerera m'maselo okhawo. Kakachoka msanga banga limakula, kakachedwa limachepa. Adaonanso kuti Ds sayenda popanda mnzake, amene adamutcha Ac.

Adafotokoza zimenezi pamsonkhano wa akatswiri mu 1951, koma ambiri sadazimvetse, ena adazikayika. Motero mu 1953 adaleka kuzifalitsa m'magazini a sayansi, koma munda sadausiye. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha: m'zaka za m'ma 1970 zidutswa zoyenda zidadziwika bwino m'mabakiteriya, ndipo mu 1983 mayiwa adalandira okha mphoto ya Nobel ya zamankhwala, ali ndi zaka 81. Adamwalira pa 2 Seputembala 1992.

Kukula kwa ntchito yawo kudaonekeratu iwo atapita. Mu 2001 akatswiri atawerenga DNA ya munthu, adapeza kuti pafupifupi theka lake lidachokera ku zidutswa zoterezi. Kwa ife tsono zimafala mwa njira ina: Ds amazuka n'kusamuka, koma chidutswa chotchedwa LINE-1 chimadzikopera, kope likukakhala kwina, chenichenicho chili pomwepo. Pa chifukwa chimenechi makope ake afika pafupifupi 500,000, ngakhale kuti ambiri adaonongeka ndi kupita kwa mibadwo, ndipo otha kuyendabe ndi pafupifupi 100 okha. China chotchedwa Alu, chimene makope ake apitirira 1,000,000, chimabwereka zida za LINE-1, monga momwe Ds amadalirira Ac.

Kuyenda kumeneku si nkhani ya m'mabuku chabe. Mu 1988 Dr. Haig Kazazian ndi anzawo adapeza anyamata awiri amene magazi awo sankaundana akavulala, chifukwa LINE-1 adalowa pakati pa malangizo oundanitsa magazi. Kope latsopano likalowa m'dzira la mayi kapena mu mbewu ya bambo, limatha kupita kwa ana ndi zidzukulu. Ndipo poyerekeza makope amenewa akatswiri amalondola ubale wa mitundu ya anthu.

Mphunzitsi amene afuna kuonetsa ana kuti chibadwa chimasintha angayambire pomwe adayambira Dr. McClintock: pa njere imodzi ya chimanga, yoyang'anitsitsidwa mosathamanga.