Blaise Pascal, mnyamata amene anapangira atate ake makina owerengera msonkho

Masiku ano mlimi wa ku Chipata, Chadiza kapena Lundazi akafuna fataleza wa FISP amayamba wafunsa ngati dzina lake latuluka mu kompyuta. Ndalama za thonje ndi soya zimafika pa foni, ndipo kalaliki akangoti makina akana, nkhani imathera pomwepo. Popeza makina awa alowa mpaka m'nkhokwe zathu, nkwabwino kuti tidziwe kumene anacokera. Lero tikambe za mmodzi mwa anthu oyamba kupanga makina owerengera, Mkatolika wa ku France dzina lake Blaise Pascal. Mafunso amene makina ake anautsa ndi omwewo amene akutivuta ife lero: makinawa akutumikira ndani, angawakwanitse ndani, ndipo akalakwitsa tidzadandaula kwa yani?

Pascal anabadwa pa 19 June 1623 m'tauni ya Clermont, pakati pa dziko la France. Amai ake, Antoinette Begon, anamwalira iye ali ndi zaka zitatu, nasiya ana atatu, Gilberte, Blaise ndi Jacqueline. Atate ao, a Étienne Pascal, anali woweruza m'khoti loona milandu ya msonkho, ndiponso anali katswiri wa masamu. Iwowa sanakwatirenso, ndipo anawo anawaphunzitsa okha kunyumba osawatumiza ku sukulu. Mu 1631 banja linasamukira ku Paris. Blaise anali mwana wodwaladwala, koma mutu unali wakuthwa. Pofika zaka 16 anali atalemba kale pepala la masamu limene linadabwitsa akuluakulu a maphunziro.

Mu 1638 boma la Mfumu Louis XIII, ndalama zitathera ku nkhondo, linaleka kulipira bwino anthu amene analikongoza ndalama. A Étienne anali pakati pa amene anadandaula poyera, ndipo anathawa poopa ndende. Anawapulumutsa ndi mwana wao wamng'ono Jacqueline, amene mu 1639 anacita sewero pamaso pa Kadinala Richelieu, nduna yaikulu ya mfumu, napempha kuti atate ake akhululukidwe. Anakhululukidwadi, koma anapatsidwa nchito yowawa: kukayang'anira msonkho mumzinda wa Rouen, m'cigawo ca Normandy.

Kumeneko kunali kutangoyaka moto. M'caka comweco alimi ndi ophika mcere anaukira boma cifukwa ca msonkho wa mcere, ndipo anthu anawacha dzina lakuti Osavala Nsapato. Asilikali anawagonjetsa mwankhanza, ena anawapha. Ife amene tinamva kwa agogo athu za msonkho wa nyumba wa nthawi ya Fort Jameson, umene unathamangitsira amuna ku migodi ndi ku mafamu a ku Southern Rhodesia, sitifuna wotifotokozera mmene mudzi umaonera munthu wotolera msonkho.

Nchito ya a Étienne inali kugawa msonkho kwa midzi yambirimbiri ndi kuwonkhetsa zonse ndi manja. Ndalama za ku France nthawi imeneyo zinali zovuta kuwerenga: madenier 12 amapanga sol imodzi, ndipo masol 20 amapanga livre imodzi. Acikulire akumbukira kuti nafenso tinali ndi cimodzimodzi, mapeni 12 sheleni imodzi, masheleni 20 paundi imodzi, mpaka pamene kwacha ndi ngwee zinabwera mu 1968. Tate ndi mwana amacezera usiku pa manambala. Mu 1642, ali ndi zaka pafupifupi 19, Blaise anayamba kuganiza zopanga cipangizo coti cipepuze atate ake.

Cimene anapanga cinali kabokosi ka mkuwa, kotalika ngati bokosi la nsapato, kokhala ndi mawilo ang'onoang'ono ondandalikana pamwamba. Munthu amazunguza wilo ndi kamtengo, monga tinkacitira ndi mafoni akale a ku positi, ndipo yankho limaonekera pa timawindo. Covuta kwambiri cinali cimene mwana wa giredi 2 amaphunzira, cakuti ukadutsa 9 umalemba 0 ndi kupereka 1 ku mzere wotsatira. Pascal anaika kacitsulo kamene kamakwera pang'onopang'ono wilo likamazungulira, ndipo wilo likamaliza ulendo wake kacitsuloko kamagwa ndi kulemera kwake komwe, nkukankha wilo loyandikana nalo sitepe imodzi. Pa makina owerengera ndalama anaika wilo la magawo 12 ndi la magawo 20. Makinawo amawonkhetsa ndi kucotsera. Kucurukitsa kunali kuwonkhetsa mobwerezabwereza.

Anayesa mitundu pafupifupi 50 m'zaka zitatu, ina ya mtengo, ina ya minyanga ya njovu, ina ya citsulo ndi mkuwa. Mu 1645 anapereka makina omalizidwa kwa Pierre Séguier, mkulu wa zamalamulo m'dzikomo, yemwe uja amene anatsogolera kulanga anthu a ku Normandy. Apa tiime pang'ono. Makina a Pascal anabadwa m'cikondi ca mwana kwa atate ake, ndipo amawonkhetsa molondola. Koma msonkho umene amawonkhetsa unali wolemera pa msana wa osauka, ndipo kulondola kwa makina sikunaupepuze ndi pang'ono pomwe.

Panabukanso nkhani ina imene lero timaimva m'makampani a makompyuta. Mmisiri wina wokonza mawochi ku Rouen, atamva za cipangizoci, anapanga cake cooneka bwino kunja koma cosagwira nchito. Pascal anakhumudwa mpaka anacotsa amisiri ake onse, natsala pang'ono kuileka nchitoyo. Séguier anamulimbitsa mtima, ndipo mu 1649 kalata ya mfumu inamupatsa mphamvu yakuti munthu wina aliyense asapange makina owerengera a mtundu uliwonse popanda cilolezo cake. Kalata imeneyi ndi kholo la zimene lero amati patenti.

Citetezo anacipeza, koma malonda sanayende. Makina amene anapangidwa anali pafupifupi 20 basi, ndipo mtengo wake unali wa anthu olemera okha, popeza wilo lililonse limasulidwa ndi manja. Amodzi anawatumiza kwa Mfumukazi Christina ya ku Sweden mu 1652. Makalaliki wamba, amene makinawa akanawathandiza, anapitiriza kuwerenga ndi colembera. Amene alipo lero sakwana khumi, ena ali m'nyumba yosungira zakale ku Paris. Panapita zaka 200 kuti makina owerengera ayambe kugulitsidwa ambiri, pamene a Thomas de Colmar analowa pamsika mu 1851.

Pascal sanaime pa makina okha. Mu 1648 anapempha mlamu wake, Florin Périer, kukwera phiri la Puy de Dôme ndi cipangizo coyezera, ndipo anatsimikiza kuti mpweya uli ndi kulemera, ndipo kulemerako kumacepa munthu akamakwera. Anafotokozanso mmene mphamvu imayendera m'madzi kapena m'mafuta otsekeredwa, ndipo nzeru imeneyi ndiyo imagwira nchito mu jeke, m'mabuleki a galimoto ndi pamene thirakitala ikukweza pulawo. Zilembo za kPa zimene timaona popopa matayala zili ndi dzina lake. Mu 1654 iye ndi Pierre de Fermat analemberana makalata amene anayala maziko a masamu a mwayi, amene makampani a inshuwalansi amawerengera lero, kuphatikizapo inshuwalansi ya mbeu pa cilala.

Za cikhulupiriro cake tinene zoona zonse. Mu 1646 atate ake atagwa nkuvulala m'ciuno, amene anawasamala anakokera banjalo ku gulu lotsata ciphunzitso ca Jansen, cimene cimakokomeza kuipa kwa munthu ndi kucepetsa ufulu wake. Atate atamwalira mu 1651, Jacqueline analowa usisitere ku Port-Royal, likulu la gululo. Papa Innocent X anatsutsa mfundo zisanu za ciphunzitsoco mu 1653. Usiku wa pa 23 November 1654 Pascal anakumana ndi Mulungu m'pemphero mwa njira imene inasintha moyo wake. Analemba zimenezi pa pepala nalisokerera m'jekete lake, ndipo linapezeka iye atamwalira. Pakati pa 1656 ndi 1657 analemba makalata 18 otsutsa Ajezuiti mwaukali, ndipo Roma anawaletsa. Komabe pa 19 June 2023, pokumbukira zaka 400 za kubadwa kwake, malemu Papa Fransisko, amene anali Mjezuiti, analemba kalata yomuyamikira monga munthu wofunafuna coonadi ndi wokonda osauka.

M'zolemba zake zimene zinasindikizidwa mu 1670 ndi dzina lakuti Pensées, mwini wake anawayeza makina aja. Anaona kuti nchito yao imafanana ndi kuganiza, koma anati mulibe cifuniro m'kati mwao. Wofuna ndi munthu amene wawagwira.

Nchito yake yomaliza inali ya mtundu wina. Pamodzi ndi bwenzi lake, mfumu ya ku Roannez, anayambitsa ngolo zokokedwa ndi akavalo zoyenda m'njira zodziwika mu Paris, pa nthawi yoikika, kaya zadzaza kaya ai, pa mtengo wa masol asanu. Zinayamba pa 18 March 1662, ndipo ndizo makolo a mabasi ndi maminibasi athu. Phindu lake anafuna kuthandizira anthu a ku Blois amene anali pa njala. Koma khoti lalikulu la Paris linalamula kuti asilikali, anchito a m'nyumba ndi aganyu asakweremo. Cinthu copangira onse cinasanduka ca ovala bwino, ndipo patapita zaka pafupifupi 15 cinatha.

Nthawi imeneyo Pascal anali atadwala kwambiri. M'nyumba mwake amasunga banja lina losauka, ndipo mwana wa banjalo atadwala nthomba, iye sanawathamangitse. Anasamuka ndiye kupita kwa mlongo wake Gilberte. Anamwalira kumeneko pa 19 August 1662 atalandira masakramenti, ali ndi zaka 39, naikidwa m'chalichi ca Saint-Étienne-du-Mont. Mu 1970 katswiri wa ku Switzerland, Niklaus Wirth, anacha cinenero colembera mapulogalamu a kompyuta dzina lakuti Pascal pomulemekeza.

Nanga ife titolepo ciani? Dziko lathu silinacedwe pa zinthu izi. ZamNet inalumikiza Zambia ku intaneti mu 1994 kucokera pa University of Zambia, maiko ambiri a mu Africa asanayambe. Njira ya e-voucher inayesedwa m'maboma 13 m'nyengo ya 2015/2016, ndipo maina a alimi a FISP analowetsedwa mu kompyuta ya ZIAMIS. Mu January 2024 boma linayamba kudula msonkho pa ndalama zotumizidwa pa foni. Sitikana kuti pali zabwino: maina a anthu amene kulibe amagwidwa msanga, ndipo ndalama ya pa foni siibedwa m'njira ya ku boma. Koma monga ku Rouen, makina amangotsata cimene munthu analamula.

Coyamba, tisalole mau akuti kompyuta yakana akhale mapeto a mlandu. Sikelo ya wogula cimanga imayesedwa ndi a Zambia Metrology Agency, cifukwa tonse tidziwa kuti sikelo itha kunama. Pulogalamu ya kompyuta nayonso ifunika woiyesa. Mndandanda wa maina uzisindikizidwa pa pepala ndi kupacikidwa pa kopaletivu nthawi ya mvula isanafike, ndipo pakhale ofisala wodziwika dzina amene angakonze colakwika. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limapatsa munthu ufulu woona zimene zalembedwa za iye ndi kupempha kuti zikonzedwe. Ufulu umenewu ndi wa mlimi wa ku Kalichero monga uli wa bwana wa ku Lusaka.

Caciwiri, wopanga cinthu ayenera kudya thukuta lake, ndiye cifukwa cake patenti imamuteteza zaka 20. Koma cinthu cotsekedwa kotheratu sicikula, monga taonera pa makina a Pascal. Alipo mapulogalamu otseguka, monga Linux imene Linus Torvalds anayamba mu 1991, amene aliyense wodziwa angayang'ane m'kati, kukonza ndi kugawira ena. Maganizo athu ndi akuti boma likamagula pulogalamu ndi ndalama za msonkho wathu, lizionetsetsa kuti ana athu ophunzira pa UNZA ndi Copperbelt University angathe kuitsegula ndi kuikonza. Mlimi sagula ngolo imene mmisiri wa pamudzi saloledwa kuigwira.

Cacitatu, tifunse amene watsala panja. Ngolo za ku Paris zinafa zitakaniza aganyu. Kwathu kuno wotsala panja ndi mai wamasiye amene alibe foni, nkhalamba imene siwerenga Cingerezi, ndi mudzi umene netiweki imagwira pa culu pokha. Mauthenga a boma ndi a makampani a mafoni azibwera m'Cinyanja, ndipo njira ya pepala ndi cidindo isatsekedwe kufikira womaliza atalowa.

Paja akulu anati safunsa anadya phula. Pa msonkhano wotsatira wa kopaletivu kapena wa parishi, tiyeni tipemphe kuona mndandanda wa maina, tisunge uthenga uliwonse wa pa foni wokhudza ndalama, ndipo acinyamata odziwa mafoni athandize acikulire popanda kuwafunsa nambala yao yacinsinsi. Pascal anapanga makina kuti atate ake agone msanga. Nafenso makina a m'dziko lathu tiziwayeza pa muyeso womwewo, ngati apepuzadi munthu wotopa.